Kadeneta ya Bambo Venâncio

Ku Mongue kunali nyumba imene simunkamveka phokoso lina koma la sowo. Inali ya bambo Venâncio, mmisiri wa matabwa, ndi akazi awo mayi Rosália. Iwo analibe mwana, choncho anatola Dinis, wamasiye amene anakulira pakhonde la malume ake oledzera, msana uli zipsera zokhazokha. Anamuveka, anamuphunzitsa katekisimu ndi kagwiridwe ka nyundo, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri mnyamatayo anali ataphunzira kuseka.

Anakonda Januária, mtsikana wa kutsidya kwa dambo. Malume a mtsikanayo anavomera, koma anati mkamwini ayambe waswa mphanje kwawo kwa mkazi.

"Khasu silipha munthu, mwananga," anatero bambo Venâncio. "Lima dzinja limodzi, ukwati ndi wako."

Koma mphanjeyo inali ya zitsa. Tsiku lachitatu Dinis anaponya khasu nalowera kukachasu, kumene anapeza Julião, wozembetsa katundu pa malire a Muloza.

"Aise, ukudzipheranji? Mkazi amagwa ndi nsalu, osati zitsa. Undibweretsere kadeneta ya madala ako, ndikupatsa nsalu ziwiri ndi nsapato."

Masiku amenewo, mu ulamuliro wa Apwitikizi, kadeneta inali moyo wa mwamuna. M'kabukuko ndimo ankadinda kuti munthu ali pa ntchito. Wopezeka alibe ankamugwira chibalo, ntchito yokakamiza.

"Nanga akawafunsa?" anafunsa Dinis.

"Mmisiri wodziwika ngati uja, amufunse ndani?"

Atafika kunyumba, mayi Rosália anamva fungo la mowa. "Dinis, amene amayenda ndi Julião sabwerako bwino."

"Simunandibale inu," anayankha. Tsiku lomwelo anasolola kabukuko m'bokosi la zipangizo nakapereka kwa Julião. Nsalu anakampatsa Januária, nsapato anavala yekha.

Patangotha sabata, masipayo, asilikali a boma, anatulukira m'mudzi dzuwa lili paliwombo.

"Kadeneta!"

Bambo Venâncio anakhuthula bokosi lonse pansi. Misomali, nyundo, korona wopempherera. Ali chiweramire, maso awo anagwa pa nsapato zatsopano kumapazi a Dinis, ndipo anakhalitsa pamenepo.

"Ndinataya ndekha," anatero.

Dinis anatsegula pakamwa. Kenako anaona mbalamatodya m'manja mwa sipayo, thabwa lamabowo lomenyera zikhato, ndipo anatseka.

Ku posito, ofesi ya boma, anawamenya bambo Venâncio mpaka zikhato zinaphulika. Manja akadali otupa, anawatenga kukaswa miyala pamsewu wa ku Molumbo miyezi isanu ndi umodzi.

Januária anabwera yekha kudzabweza nsalu. Anaziponya pafumbi.

"Mudzi wonse waziona nsapatozo. Ukufuna ndivale khungu la bambo ako? Amalume akuti usadzapondenso kwathu."

Bambo Venâncio anabwerera ndi mvula yoyamba, atatha thupi, zala zitapindikira m'kati. Analowa m'shedi mwawo natola sowo. Inagwa. Anaitolanso ndi manja awiri. Inagwanso.

Dinis anagwada m'utuchi.

"Bambo, ndine ndinaba."

"Ndinadziwa."

"Ndimenyeni, bambo. Chonde ndimenyeni."

Mkuluyo anatambasula manja aja pamaso pake.

"Ndikumenye ndi chiyani?"

Sanamuthamangitse. Kuyambira tsikulo Dinis ndiye ankawamangira mabatani a malaya ndi kuwagwirira chikho pakamwa. Anasiya mowa, analapa kwa ansembe, ndipo matebulo ake opendama ndiwo ankadyetsa nyumbayo. Tsiku la ukwati wa Januária ndi mwamuna wina, ng'oma zinamupeza akusambitsa bambo ake.

Achinyamata, musamvere wokuuzani kuti kanthu n'kakang'ono, mwini wake sadziwa. Ulesi unabala mowa, mowa unabala kuba, ndipo chilango chinagwera munthu wosalakwa amene anamukonda. Mulungu amakhululukira wolapa, zimenezo n'zoona. Koma zala za bambo Venâncio sizinawongokenso mpaka m'manda.