Chitsulo cha Pamwamba pa Khomo

Pamene panali khomo la chipinda chachikulu, lero pamera udzu ndipo mbuzi za aneba zimausa pamenepo. Koma bambo wokalamba akaima potero saona mbuzi. Amaona mkazi wake atakwera pa mpando, misomali ili kukamwa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

Linali banja labwino. Bamboyo anagwira ntchito kutali zaka zambiri, ndipo pobwerera anagula nyumba yakale ya makoma ochindikala, kuti aikonze kaye asanalowemo. Ana ake anali awiri: chisamba, mnyamata wofatsa, ndi mzime, amene mayi ake sankalola kuti ngakhale ntchentche imutere. Pogawa zipinda, bambo anati chisamba atenge chachikulu poti anali pafupi kukwatira, mzime azigona m'kachipinda kakuseri. Mzime anangomenyetsa chitseko.

Mmisiri atagumula pulasitala pamwamba pa khomo la chipinda chachikulucho, anapeza chitsulo cha njanji chitapingasa. Anauza onse kuti njerwa zonse za pamwambapo zatsamira chimenechi, munthu asachigwedeze. Anamatanso bwinobwino n'kumapita. Ntchito yopaka penti anaisiyira mzime.

Zimene zinachitika pambuyo pake bambo anadzazimvera kukhoti. Mzime anali atayamba kucheza ndi wogula zitsulo zakale, munthu wa lilime lozuna amene ankamugulira mowa.

"Mphwanga, ukusenzera mkulu wako mchenga ngati bulu, iye n'kudzagona pofewa ndi mkazi," anatero munthuyo. "Chitsulo chija chikungowola m'khoma. Ikapo thabwa, umate, upake penti. Adzaona ndani?"

Mayi anamva fungo la mowa pa malaya a mwana wawo, ndipo anaona mmene ankamuyang'anira mkulu wake. Anamukokera kuseri bambo ake asakumva. "Mwanawe, taya mkwiyowu. Ukadzaphulika sudzafunsa kuti wayima pafupi ndani." Mzime anaseka n'kunena kuti amayi amakonda kulalikira.

Lamlungu onse ali kutchalitchi, mzime ndi wogula zitsulo uja anachirikiza khoma ndi mitengo, nasolola chitsulo, naikapo thabwa lofumbwa. Pomata, mzime ananena kuti likagwa, ligwere mwini chipinda.

Mvula inabwera, khoma linamwa madzi. Kutatsala pang'ono kuti asamukiremo, mayi anabwera ndi makatani amene anasokera wodzakhala mpongozi wawo. Anakwera pa mpando pakhomo pomwepo, nakhoma msomali. Bambo anali panja akukonza geti pamene anamva chiphokoso. Anafukula njerwa ndi manja mpaka zikhadabo kuthothoka, koma mkazi wake anali atatsirizika, nsalu ili m'manja. Pakati pa njerwazo panali thabwa lothyoka. Chitsulo panalibe.

Bambo sanalire pamaliro. Podziwa amene ankapaka penti m'nyumbamo, anagwira mzime pamkono n'kukamupereka yekha kupolisi, ndipo kukhoti anaima ngati mboni osamuyang'ana n'komwe. Chitsulo anakachipeza pa mulu wa wogula zitsulo uja, nachikoka pangolo, nachigoneka pakhomo logumukalo. Nyumbayo sanalole kuti wina aikonzenso. Chisamba anakwatira n'kukakhala kwina.

Patapita zaka mzime anatuluka kundende, wowonda, mano atatha. Anapeza bambo ake pabwinjapo, nagwada kupempha kuti amulandire.

"Nyamula chitsulocho, uchibwezere pamene unachichotsa," anatero bambo.

Mzime anayesa. Anabuula, misempha inatuluka m'khosi, chitsulo sichinasunthe.

"Chalema eti? Zimene chinkasenza chimenechi unasenzetsa amayi ako. Choka."

Masiku ano mzime amagona m'makonde a masitolo, ndipo akaona mayi aliyense atanyamula nsalu amatembenukira kukhoma. Anthu a mpingo akhala akumuuza bamboyo kuti akhululuke. Iye amayankha kuti Mulungu ndiye angathe, iye zikumukanikabe.

Ana inu, nsanje ndi kuba zimapha munthu amene simunamuganizire, kawirikawiri yemwe amakukondani koposa.

Dzana mdzukulu wa bamboyo, mwana wa chisamba, anamupeza atakhala pa chitsulocho. Gogoyo anamugwira dzanja.

"Maso anga atha, ndipo iwe uli pasukulu. Ndikuuza zonse, uzilembe ndisanafe. Usasiye za makatani."