Penti Wofiira pa Zitseko

Kwawo kwa Wabuledi kunali kwabwino, ndikuuzani. Bambo ake sankalola munthu kugwira mbale asanapemphere. Dzinalo mnyamatayu analitengera ku ntchito: ankagawa buledi panjinga, moti shopu iliyonse mumsewu wa kumsika ankamudziwa mwini wake. Mlongo wake anakwatiwa ndi telala wochokera kunja, munthu wanthabwala. "Alamu, thalauza lang'ambikanso? Mumakhalira misomali kodi?" Ankatero uku akumusokera ulere.

Kenako fakitale ya buledi inatsekedwa. Mnyamata anayamba kuswera pamphambano, manja m'thumba, nsapato itayasama.

Ndi pomwe anamupeza Wajekete, mkulu wa gulu lina lomwe linkasonkhana m'holo yakale. Pakamwa pake panali pozuna.

"Mphwanga, ntchito yako sinathe ayi, inabedwa. Obwerawa ndiwo akukudyera. Bwera kuno, ife timasamala athu."

M'holomo munali tiyi, malaya atsopano ndi nyimbo zachidani. Wabuledi anafika kunyumba atavala malaya a gululo.

"Vula zimenezo," anatero bambo ake. "Anatseka fakitale ndi mlamu wako?"

"Inu bambo mwakalamba. Mapemphero anuwo atipatsa chiyani?"

Mayi ake anagwira pakamwa, misozi ikulengeza.

Posakhalitsa Wajekete anamupatsa chitini cha penti wofiira. "Iwe umadziwa makomo onse. Shopu ya wobwera aliyense, upake pachitseko. Zinazo utisiyire."

"Nanga alamu anga?"

"Ameneyo umudumphe. Ife timangotsata penti."

Uchitsiru wakewo, abale! Iye anadziona ngati wochenjera. Anapaka kwa wometa, kwa wosoka nsapato, kwa mayi wogulitsa palafini. Kwa telala analowa n'kunong'ona: "Mawa musathawe. Mungodzitsekera mkati, palibe akukhudzeni. Ndakonza ine."

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, gululo linatsika ndi miyala ndi mabotolo a petulo. Anatsatadi penti. Koma mashopuwo anali mdadada umodzi, denga limodzi, matabwa ake ouma gwa. Moto wa kwa mayi wa palafini unakwera kudenga n'kuyamba kuthamanga. Wabuledi anaona utsi ukutuluka pansi pa chitseko chimene sanapake.

"Alamu! Tsegulani!"

Chitseko chinali chachitsulo, chokhomedwa mkati. Anachigwira, chinamuwotcha. Anachimenya ndi mwala, osatheka. Anakuwa kuti anzake amuthandize, koma iwo anali kalikiliki kunyamula katundu wa eni ake. Wajekete anali atakwera kale galimoto.

Telalayo anthu anamutulutsa denga litagwa, atafa kale.

Wabuledi anamangidwa. Kundende anthu a gulu lija sanapondeko. Amene anabwera ndi mlongo wake, atavala zakuda. Sanakhale pansi.

"Mwamuna wanga ndinamugwadira m'mawa uja kuti tithawe," anatero. "Wometa anathawa, wosoka nsapato anathawa, onse ali moyo. Iye anandiseka. Akuti, 'Alamu anga sangandinamize.'"

Mlongo wake anatembenuka n'kumapita.

Achinyamata, zinthu zikathina, adzabwera munthu wokuuzani woti mudane naye. Mukaneni, ngakhale m'mimba mukulira. Kuloza khomo la mnzanu kuti ena akaphe ndi kupha ndithu, ndipo simudzasankha inu amene afe.