Mkanda m'Khasu la Gwaza

Namilanzi ankatsekera mbuzi m'khola dzuwa litangolowa pamene anamva mvukuto ukupuma kuphiri: fuu, fuu. Kumeneko kunali ng'anjo ya mwamuna wake Gwaza, wa mfunda wa Mbewe, wosula makasu, koma Gwazayo anali pakhonde akusema mpini. Mphepo inabwera ndi fungo la makala losakanikirana ndi la tsitsi lopserera.

"A Mbewe, mwamva?"

"Ndi mphepo imeneyo. Tseka kholalo."

M'mawa mwake mwana wawo woyamba, Kadzuwa, sanadzuke. Sanadwale ngakhale chimfine. Patapita miyezi itatu mvukuto unapumanso, ndipo kutacha anapeza mng'ono wake Nthambi atauma pamphasa. Namilanzi anamuika m'manda ali ndi mikanda yobiriwira m'chiuno, imene anagula ndi mbuzi yathunthu kwa amalonda ochokera kunyanja yamchere. M'mudzi monse munalibenso mikanda ina yotero.

Kwathu kuno ngakhale khanda limadziwa kuti mfiti imadya a bere lake, sidumphira mtundu wa eni. Choncho poitana sing'anga wa mwavi, anandandalika abale a Namilanzi okhaokha. Gwaza, mkamwini wochokera kutsidya la Bua, ankangothandiza kutola nkhuni. Ndani akanataya mwavi pa mlendo?

Chowawa n'chakuti chala choyamba anatambasula ndi Namilanzi mwini. Anali ataona mayi ake akuchokera kumanda m'mamawa, maondo ali ndi dothi.

"Ndimakalira adzukulu anga," anatero mayiwo. "Iwe ndithu, wondiyamwa ine?"

"Imwani, amayi. Mukasanza ndikuberekani kumsana mpaka kunyumba."

Nkhalambayo sinasanze, inafera pomwepo. Anaimanga luzi kumwendo n'kuikokera kuthengo, popanda maliro, popanda woiponyera dothi.

Chaka chimenecho makasu a Gwaza anatchuka. Anthu ankachokera kutali ndi nsalu ndi mchere, akuti chitsulo chake sichibuntha. Mvula itayandikira Gwaza anapatsa mkazi wake khasu latsopano. Namilanzi akulima mapira masana, analipukuta ndi chala, ndipo pafupi ndi msuka wolowa mu mpini anaona kadontho kobiriwira kolowerera m'chitsulo. Anakanda ndi chikhadabo. Unali mkanda wosungunuka. Anakhala pansi pamzere.

Madzulo amenewo mvukuto unayambanso. Mwana wotsala yekhayo, Tsala, ankasewera ndi ziguduli pabwalo. Namilanzi anamunyamula n'kukaima pamaso pa mwamuna wake, khasu lili m'manja.

"A Mbewe, mkanda wa Nthambi ukufuna chiyani m'khasu lanu?"

Gwaza sanaleke kusema. "Ng'anjo nayonso ndi mkazi wanga. Mkazi wosadya abereka bwanji?"

"Ana anu omwe!"

"Anga? Si paja mumati ana ndi a amalume awo, ine ndine tambala wobwereka?"

Namilanzi anakuwa mfuu yoti agalu onse anauwa. Alongo ake anatuluka ndi mikondo, koma pakhonde panangotsala mpini wosemedwa theka. Kung'anjo anapeza moto ukulilima, mvukuto ukudzipopa wokha, munthu palibe. Anaigumula ndi miyala. Gwaza sanaonekenso, ndipo Tsala anakhala ndi moyo.

Kutacha Namilanzi anapita yekha kuthengo kuja ndi khasu lomwelo, kuti akawaike mayi ake ngati munthu. Anafunafuna mpaka dzuwa kufika paliwombo, akuitana "Amayi! Amayi!" ngati kamwana kosochera. Afisi anali atamaliza kalekale. Pansi pa mtengo wa msuku anapeza luzi lija lokha, mfundo yake isanamasuke.

Analitola, naliika kumsana, n'kulimangira ndi nsalu yake monga timaberekera mwana. Anadutsa nalo pakati pa mudzi pang'onopang'ono, anthu akumupatukira njira, mpaka anafika nalo kunyumba.