Mapadi Otha pa Mlatho wa Kudambo

Benjamini ananyamuka wapansi pa Chezi kulowera kumudzi dzuwa litalowa kale, galimoto ataisiya kuseri kwa golosale ya a Abasi. Sikuti anali wopusa ayi. Mabuleki anali atayamba kulira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, ndipo mapiri a ku Dowa sachita nawo masewera. Anamasula mapadi onse a mabuleki akutsogolo n'kuwaponya m'thumba, kuti achimwene ake a Yosefe akawaone m'mawa.

A Yosefe, makaniko wa dera lonselo, ndiwo anamuphunzitsa kugwira sipanala. Benjamini anathawira ku Zambia ali mnyamata nkhani ya khadi la chipani itavuta, ndipo zaka zonsezo sanalembe kalata poopa kuwaputira mavuto abale ake. Tsopano zipani zinali zitachuluka, othawa akubwerera kwawo. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi: achimwene aone kuti kamwana kamamina kaja kabwera ndi galimoto yakeyake. Anawasowa koopsa, mpaka mtima kuwawa.

Msewu wafumbi unatsetserekera kudambo. Mdima wa ndiwe yani. M'thumba mapadi ankangoti ngwe, ngwe, ngwe...

Pamlatho panali munthu! Atakhala m'mphepete, ovololo yake ikununkha girizi.

Benjamini anapereka moni. Munthuyo anangotambasula dzanja, kuloza thumba.

Anamupatsa. Akanatani?

Munthu uja anatulutsa padi limodzi, n'kulisisita ndi chala chachikulu pang'onopang'ono. Kenako analinunkhiza.

"Lapsa, ndipo latha mpaka pachitsulo," anatero chapansipansi. "Ndiye kuti disiki yomwe limagwirapo yakandika. Kaipalitse, ikakhala yapyapyala ugule ina, apo ayi idzadya mapadi atsopanowo. Usinthe mbali zonse ziwiri. Usatengeke ndi otchipa ouma gwa aja. Phiri ili silikhululuka, iwe."

Pobweza thumba, dzanja lake linakhudza la Benjamini. Kuzizira kwake! Tsitsi linaima...

Koma kununkhiza padi? Ndani wina padziko lino amene amanunkhiza padi?

"Achimwene!"

Pamlatho panalibe munthu. Achule okha.

Mantha onse anathera pomwepo, ndipo anaseka yekha mumdimamo. A Yosefe ndi zocheza zawo sadzasintha ndithu. Amuzindikira, adzera chidule kuti akauze anthu kumudzi. Benjamini anathamanga chitunda chonse ngati mwana, thumba likumumenya pamsana.

Atagogoda, anatsegula ndi alamu ake a Susana, akazi a a Yosefe, nyali ili m'manja, imvi zitayamba kumutu. Atamuzindikira anangokhala pansi pakhomo pomwepo n'kuyamba kulira. Benjamini ankasuzumira m'nyumba uku akuseka, akufunsa komwe abisala achimwene. Anawauza alamuwo kuti asavutike n'kumunamiza, wakumana nawo kale pamlatho, mpaka amulangiza za mabuleki.

A Susana anasiya kulira.

"Alamu, achimwene anu tinawaika m'manda kalekale, za riferendamu zisanamveke n'komwe. Lole ya fodya inaduka mabuleki paphiripo, n'kuwapeza pamlatho pomwepo. Madzulo aliwonse akaweruka ankakakhala pamenepo. Amati tsiku lina mudzatulukira msewu umenewo, ndipo sakufuna kuti mudzasowe wokulandirani."

Benjamini sanalowe m'nyumba. Anatembenuka n'kuyamba kutsetserekanso kulowera kumlatho, akuitana achimwene ake.