Mzere wa Choko Pakhonde la Telala

Dzuwa litapendeka, mkazi wa telala anali kukhola kutsekera mbuzi. Kumbuyo kwake kunamveka phazi likukwekwereza pansi, kenako ndowa ikugubuduka. Anali mwamuna wake, akuyesa kutuluka m'nyumba yekha.

"Mukanandiitana, bambo."

"Ndi... ndimati ndiyese," anatero telala, lilime likulemera ngati wavumata mwala.

Munthu ameneyu mowa sankaulawa n'komwe, koma ankadzandira ngati chidakwa. Nthendayi inayamba ndi mayi ake. Anayamba kupepesuka poyenda, mawu n'kumakokeka, mapeto ake anafa atatsamwa ndi madzi akumwa. Madzi enieniwa! Mlongo wake wa telalayo anadzera njira yomweyo. Tsopano inali pa iye. Singano inkamupulumuka m'zala, makina osokera anachita dzimbiri pakona, ndipo m'nyumba munkanunkha mkodzo ndi utsi wa mizu yofukiza.

Anthu a m'mudzimo pakamwa sipauma. Ankati alipo wina amene amakwera a pabanjapo usiku ngati abulu, n'chifukwa chake kukacha miyendo imakhala yolobodoka, ndipo lilime limalemera ndi chingwe chomwe amawamanga nacho kukamwa. Wina ankati anamva mapazi akuzungulira nyumbayo. Wina ankati agalu akafika pamenepo amabuula n'kubwerera. Osoketsa zovala anasiya kubwera. Odzazonda nawo ankangoponya moni ali kumsewu. Womusambitsa telala ndi kumudyetsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe anali mkazi wakeyo basi.

Tsiku lina kunafika galimoto ya madokotala. Ankachokera m'zipatala za maiko oyandikana, atagwirizana kufufuza nthendayi limodzi, poti aliyense kwawo anali ndi mabanja owerengeka otere ndipo payekha sakanadziwapo zambiri. Anafotokoza kuti imayenda m'magazi, kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Mankhwala ochiza kulibe, koma alipo masewera olimbitsa thupi amene amathandiza. Anthu odzaonerera anamva ndi khutu limodzi.

Dokotala wamkazi anajambula mzere wa choko pakhonde, nauza telala kuti ayendepo, chidendene chizigunda chala cha phazi linalo. Telala sanapite patali, anagwera kuchipupa.

"Mayi, tamuonetsani mmene tikufunira," anatero dokotalayo.

Mkazi wa telala anayenda pamzerewo mpaka kumapeto, osagwedezeka olo pang'ono. Amayi ena anakandana.

Madokotala anatenga magazi, nasiya chitsulo choyendera, nalonjeza kubweranso mvula ikatha. Ophunzira ndi choncho, amabwera ndi fumbi, amapitanso ndi fumbi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zofufuta mzere uja, kapena kuyang'ana nkhope za anthu omwe ankawasiya.

Madzulo omwewo kalipentala, mkulu wake wa telala, anaima pakhondepo gulu lili kumbuyo kwake.

"Mwadzionera nokha. Madokotala achita manyazi kunena poyera, koma mzere waulula. Nyumba yonse ikugwa, mkaziyu yekha njo!"

"Alamu, ine si wa magazi anu. Ndingadwale bwanji?"

"Mwamva? Akudziwiratu kuti sangadwale!"

"Nanga amene azimudyetsa mng'ono wanuyu ndani?"

"Adzadya yekha ukangomutsika pamsana, mfiti iwe!"

Telala anatsegula pakamwa kuti amuikire kumbuyo mkazi wake. Koma mawu ake ankatuluka mochedwa, ndipo asanamalize liwu loyamba mwala unali utagwa kale pamalata. Mayiyo anathawa ndi nsalu yokha imene anavala.

Mudzi unadikira kuti telala achire. Sanachire. Mbuzi zinkagona panja. Chakudya ankangomusiyira pakhomo ngati cha galu, chambiri n'kumaolera pomwepo, poti ankaopa kumeza popanda womugwira mutu. Ankakhala pakhonde tsiku lonse atagwira chitsulo chake, maso kumsewu. Ndevu zinakula, fungo linafika mpaka kunjira, ndipo anthu anayamba kulambalala.

Kenako mphekesera inabuka yoti mfiti ija ikubwerabe. Ena ankati chisisira chikamagwa amamva china chake chikudzigunda ku zipupa kuseri kwa nyumba, chikupuma mwabefu. Zitseko zinayamba kutsekedwa nkhuku zisanalowe.

Madzulo ena telala anachimva yekha. Chinkabwera pang'onopang'ono m'mbali mwa nyumba yake, chikuima, chikuyambanso. Sanachite mantha, anaganiza kuti ndi mkazi wake wabwerera.

"Ma... mayi? Ndinu?"

Pakona panatulukira dzanja likupapasa chipupa. Kenako nkhope ya kalipentala, thukuta lili kamukamu, miyendo atatangadza kuti asagwe.

"Usa... usauze munthu," ananong'oneza. "Wayamba ku... kukwera ine."

Telala anamuyang'ana mkulu wakeyo. Anasonkhanitsa mawu limodzilimodzi.

"Achimwene... mukamuitane."

Kalipentala anatsetsereka mpaka kukhala pansi. Anayang'ana kumtunda kwa msewu, nayang'ananso kumunsi. Tsiku lija aliyense anali kalikiliki kutola miyala, ndipo palibe amene anaona njira imene mayiyo analowera.