Loweruka Lililonse Bwalo Linkazima

"Ine makampani akuluakulu a pa intaneti amandiopa!"

Telala anamva mawuwa ali pa makina ake osokera, ulusi uli kukamwa. Wolankhulayo anali bambo wokonza mafoni amene anali atangotsegula kashopu moyandikana naye. Dzina loti Injiniya anadzipatsa okha. Telala anasuzumira nsapato zawo zoyasamula kutsogolo, n'kuona kuti makampaniwo ankagona tulo tabwino ndithu.

Koma sabata yomweyo, tsamba la pa intaneti limene Telala ankaikapo zithunzi za madiresi linatsekedwa popanda chifukwa. Makasitomala ake onse anali pamenepo. Akadandaulira ndani? Ankangoyankhidwa ndi makina.

"Pukutani misozi, achemwali," anatero a Injiniya atatsamira chitseko. "Bwerani pa bwalo langa lochezerapo. Pulogalamu yake ndi yaulere, aliyense atha kuiona m'kati. Mabwalo otere ndi ambiri, lililonse ndi mwini wake, koma amamvana ngati nyumba zoyandikana. Langali limakhala m'kompyuta ya kunyumba kwanga."

"Nanga inunso mukadzanditsekera?"

"Ine?" A Injiniya anakodola bambo ometa tsitsi ndi mayi ogulitsa zipatso a pafupi pomwepo. "Ometa, tamverani! Mayi a zipatso, khalani mboni! Tsiku limene achemwaliwa adzafune kuchoka, ndidzawasamutsa ndi manja angawa, iwo ndi makasitomala awo onse."

Telala analowa. Makasitomala anawanyengerera mmodzimmodzi mpaka nawonso analowa. Pasanathe mwezi, "achemwali" aja anasanduka "duwa langa".

"Pabwalo pano padzaza anthu, koma maso anga amaona iwe wekha," unatero uthenga wina.

"Bodza!" anayankha Telala, uku akumwetulira yekha ngati wosokonezeka mutu.

"Ndikakunamiza, mtima wanga, kompyutayi ipse. Chaka chino sichitha usanadzisokere diresi yoyera."

Diresiyo sanaiyambe. Anayamba wasokera a Injiniya malaya obiriwira, mabatani ake osankha yekha.

Vuto linali limodzi. Loweruka lililonse m'mawa bwalo linkazima.

"Adani aja atiukiranso," ankatero a Injiniya pafoni, mawu ali pansipansi. "Ndili pankhondo, duwa langa. Undipempherere."

Ndipo Telala ankapempheradi.

Loweruka lina kasitomala wa ukwati anayenera kutumiza miyeso pabwalopo. Bwalo zii. Foni ya a Injiniya zii. Telala anafunsira njira mpaka anapeza nyumba ya a Injiniya.

Amene anatsegula chitseko anali mayi wina, mwana ali kumsana, ayironi ili m'manja.

"Bambo a kunyumba kuno atuluka. Tikuthandizeni?"

Bambo a kunyumba kuno! Telala anagwira mphuthu ya chitseko.

"Ndimati... bwalo lazima."

"Kakompyuta kolira ngati njuchi kaja? Ndakazula ine. Soketi m'nyumba muno ndi imodzi, mayi, ndiye Loweruka ndimasita."

Nkhondo yonse ija inali pomwepo: kabokosi ka fumbi pansi pa tebulo, chingwe chili lende. Pamwamba pa tebulopo panayalidwa malaya obiriwira.

"Amene anasoka malayawa ali ndi dzanja labwino," anatero mayiyo akuwongola kolala. "Akuti anagula musitolo."

Telala akanatani? Alire pamaso pa mwini wake? Anathokoza, n'kubwerera. Misozi inamupeza ali pa msewu.

Lolemba Telala anaitana ometa ndi mayi a zipatso, nawafotokozera zonse.

"A Injiniya, lonjezo lija. Ndisamutsireni ku bwalo la osoka anzanga."

"Duwa langa, tiye tikambirane m'kati..."

"Maluwa ali kunyumba, akusita," anatero mayi a zipatso.

"Munati ndi manja anuwo, akulu," anawonjezera ometa, lumo lili m'manja. "Ife makutu tili nawo."

A Injiniya anatulutsa foni. Anadina. Makasitomala anayamba kuonekera ku bwalo latsopano mmodzimmodzi, mpaka womaliza. Sanatsale ndi mmodzi yemwe.

"Zonse zasamuka," anatero a Injiniya, maso ali pa nsapato zija. Kwa nthawi yoyamba ananena zoona.

Mboni zinaomba m'manja. Telala anabwerera pa makina ake, nakhala pansi, natenga ulusi kuti aulowetse pa singano. Anayesa, anayesanso. Bowo silinkaoneka.