Mwala wa Malire ku Manda a Mirnik

Nkhondo itatha, asilikali anadula malire atsopano pakati pa manda a tauni ya Mirnik, n'kuzikapo mwala woyera. Manda a Silvan, mwamuna wa Darinka, anatsala tsidya la Italiya, ndipo mkaziyo ankangowayang'anira patali, maluwa akufotera m'manja.

M'mawa wina mwalawo unapezeka utasunthira tsidya lija, utasiya mzere wakuya pa dothi lonyowa. Asilikali anaubwezera. Kutacha unali utasunthanso, kupitirira pa dzulo.

Pamzere wogula buledi manong'onong'o anayamba.

"Angausunthe ndani, kupatula amene mwamuna wake wagona uko?"

"Paja mayi ake anali Mtaliyana. Magazi sanama, anzanga."

Ambiri anali ndi abale ogona tsidya lomwelo, koma sanatchulidwe. Darinka yekha ndiye ankapemphera m'zilankhulo ziwiri.

Mlamu wake Lojze anabwera madzulo, n'kuima pakhomo. "Alamu, ngati ndinu, lekani. Akakutengani, anawa atsala ndi yani?"

"Mwala woti amuna anayi anaunyamula akubuula? Ndi timanja iti?"

"Ine ndangonena."

Pa tsiku lokumbukira akufa, pamene banja lililonse limayatsa kandulo pamanda, lawi linaoneka likuyaka pamanda a Silvan, pomwe munthu sakanafika osawomberedwa. Madzulo omwewo Darinka anatsekeredwa m'kanyumba ka alonda, pafupi ndi mpanda wa manda.

Usiku mphepo ya kumapiri inaleka mwadzidzidzi, agalu onse n'kukhala chete. Kenako mumdima munamveka chinthu cholemera chikukhwekhwerezeka pa miyala, n'kuima ngati wochikoka akupuma, n'kuyambanso.

"Mukumva, mayi?" ananong'ona mlonda.

"Ndikumva, bambo," anayankha Darinka. "Pitani mukamugwire Darinkayo."

Mlondayo sanasunthe mpaka kunja kunayera.

Mwala unapezeka utaima kuseri kwa manda a Silvan. Wakufayo anali atabwerera m'dziko lake. Pamatope panalibe phazi la munthu. Mkulu wa asilikali anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye kuti ali ndi omuthandiza."

Anamukweza Darinka m'galimoto. Podutsa pamzere wa buledi, iye anawayang'ana anthuwo mmodzimmodzi, onse maso ali pansi.

Amati kuyambira usiku umenewo mwala unatembenuka. Unatuluka pachipata cha manda, ndipo tsopano ukutsika ndi msewu wolowera m'tauni.